Bambo Akati Apite ku Joni, Yambani Mwakhala Pansi

Amayi anzanga, m'makomo ambiri masiku ano nsima ikatha bambo amayamba nkhani imodzimodzi: "Mayi a ana, kuno zinthu zavuta, bwanji ndikayese ku Joni?" Sitingawadzudzule. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mayi aliyense anaziona pa mtengo wa sopo, shuga ndi feteleza. Koma musanavomere kapena kukana, ganizani bwino, pakuti amene adzatsale ndi ana ndinu.

Ulendo umenewu si wachilendo kwa ife. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela. Iwo ankasaina mgwirizano wa ntchito, ndipo gawo la malipiro linkasungidwa kuti adzalandire atabwerera kwawo. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nkupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa ulendowo. Unayambiranso kudzera ku Theba, kufikira mu 1988 pamene unatheratu. Ngakhale m'masiku amenewo, pamene zonse zinali zolembedwa, kunali matchona amene sanabwerenso. Nanga lero, pamene munthu angokwera basi wopanda wom'lemba ntchito?

Choyamba, funsani za makalata. Pasipoti ya Malawi imalola munthu kukacheza ku South Africa masiku 30 okha, ndipo siim'patsa chilolezo chogwira ntchito. Masikuwo akatha, bambo amasanduka wobisala. Bwana akhoza kuwamana malipiro podziwa kuti sangakadandaule kulikonse, ndipo akagwidwa amakasungidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa kwawo chimanjamanja. Tinene zoona: dziko lililonse lili ndi ufulu wosamala malire ake, monga inu musamala khomo lanu. Mlendo waulemu amaodira. Koma kusunga malamulo ndi ntchito ya boma, osati ya gulu la anthu onyamula zibonga. Mu May 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu athu othawa nkhanza zoterezi.

Chachiwiri, funsani za matenda. Kuno m'zipatala za boma sitilipira, ngakhale nthawi zina mankhwala amasowa, ndipo wodwala amakhala ndi mbale wom'dikirira ndi kum'phikira phala. Kumeneko adzawadikirira ndani? Mu 2025 magulu ena, monga la Operation Dudula, ankaima pa zipata za zipatala kubweza alendo. Munthu wamantha amabisa matenda kufikira atakula, ndipo chipatala cholipira chimameza ndalama za miyezi yambiri m'masiku owerengeka. Zikavuta, kubweretsa thupi kumudzi kumagulitsitsa ng'ombe ndi munda. Ngati bambo amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, apite kaye kuchipatala akatenge kalata ndi malangizo.

Chachitatu, musamangomvera mbali imodzi. Andale ndi olemba nkhani ena a kumeneko amaloza mlendo chala pa vuto lililonse. Nkhani zofika kuno nazonso zimakonda za magazi zokha, osanena za anthu ambiri amene amakhala mwamtendere ndi eni dziko. Ndiye pali zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp, mnyamata atatsamira galimoto ya bwana wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani kwa mayi amene mwamuna wake wakhalako zaka zitatu, mum'funse kuti amalandira zingati pa mwezi, ndiponso kuti ana anawaona liti bambo awo.

Mukagwirizana kuti apite, panganani pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Adzakhala nthawi yaitali bwanji? Ndalama zidzagwira ntchito yanji, malata kapena sukulu ya ana? Musagulitse munda kuti mupeze ya ulendo, pakuti munda ndiwo pobwerera. Ndalama ikabwera, patulani kaye ya matenda musanagule chitenje, ndipo ina muike ku banki m'khonde.

Koma mwina mutawerengera zonse mudzaona kuti ndalama ya pasipoti ndi basi ikanagula mbuzi zingapo kapena kuyambitsa dimba la tomato. Ngati ndi choncho, auzeni bambo mwaulemu usiku ana atagona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mwana amafuna dzanja la bambo wake lom'langiza monga momwe amafunira yunifolomu.