Manati a Wilo Ndi Nkhani Yanunso, Amayi

Amayi, wilo la galimoto nthawi zambiri limagwidwa ndi manati anayi kapena asanu basi. Amenewa ndiwo amasenza moyo wa ana anu pochoka ku Bangwe kupita ku Limbe.

Manati amakhwefuka makamaka teyala likangosinthidwa, ndipo maenje a m'misewu amafulumizitsa zimenezi. Tsono akumbutseni bambo akunyumba kuti awamangenso galimoto ikayenda makilomita 50 mpaka 100. Ulendo umodzi wa ku Mulanje pa msewu wa Midima ndi wokwanira.

Kamangidwe kake nkosavuta, inunso mukhoza. Galimoto itsike kaye pa jeke. Mukamanga nati imodzi, pitani pa ina yopenyana nayo, osati yoyandikana nayo. Musapake mafuta pa mabawuti, ndiponso musaponde sipanala ndi phazi, chifukwa bawuti ikhoza kuthyoka.

Mukamva kugogoda ku wilo, kapena chiwongolero chikamanjenjemera, imani msanga.

Nanga inu okwera minibasi kapena matola? Ponyani maso ku mawilo musanakwere. Mukaona kuti nati ikusowa, kapena dzimbiri likutsetsereka kuchokera pa nati, musachite manyazi kumuuza dalaivala. Akapanda kusamala, dikirani galimoto ina. Mukafika mochedwa kumsika, koma ana adzakuonani madzulo.