Chichewa cha Pabwalo ndi Chichewa cha Pansanja: Zisudzo ndi Nyimbo za ku Yunivesite Poziyerekeza ndi Kayankhulidwe ka Kumidzi ya ku Lilongwe

Nkhani ino ikulongosola chinthu chimene okonza ndondomeko ya chiyankhulo sachiyang'ana kawirikawiri, ndicho Chichewa chimene chimamveka ophunzira a pa yunivesite akakwera pansanja kukachita sewero, kuyimba kapena kuvina. Tichiyerekeza ndi Chichewa cha kumidzi ya kuzambwe ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi ku Namitete pamsewu wa ku Mchinji, kukafika ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma. Kuderali kulibe yunivesite ya boma. Makoleji oyandikira ndi Bunda ndi Natural Resources College, amene tsopano ali pansi pa LUANAR. Talisankha chifukwa lili pakati penipeni pa Achewa, kumene gule wamkulu akali wamphamvu, ndiponso chifukwa kayankhulidwe kake ndi ka m'chigawo chapakati, kamene kadatengedwa kukhala maziko a Chichewa cholembedwa.

Tiyambe takumbutsana mbiri. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party wa 1968 udagamula kuti dzina loti Chinyanja lisinthidwe likhale Chichewa, ndi kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zikhale ziyankhulo za boma. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, mu 1980 ndi mu 1990. Dr. H. Kamuzu Banda mwini wake adali ndi maganizo olimba pankhaniyi, pakuti ali wophunzira ku Chicago ndiye adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa limene lidatuluka mu 1937, lotsamira pa kayankhulidwe ka ku Kasungu.

Koma Yunivesite ya Malawi, imene idatsegulidwa mu 1965, idali nyumba ya Chingerezi. Gulu la alembi la pa Chancellor College lidayamba mu 1970, ndipo m'menemo mudatuluka Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi ena. Kabuku kawo ka ndakatulo ka mu 1971 kadali ndi dzina la Chichewa, Mau, koma ndakatulo zake zidali za m'Chingerezi. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre, limenenso lidayamba mu 1970, linkayendera makamaka masukulu a sekondale ndi masewero a m'Chingerezi. Zinthu zidasintha mu 1981, pamene Christopher Kamlongera ndi David Kerr adapita ndi ophunzira ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukayesa masewero opeka pomwepo, ochokera pa mavuto a anthu a m'deralo. Kuyambira mu 1985 njira yomweyi idagwiritsidwa ntchito ku Liwonde pophunzitsa za umoyo. Sewero losalembedwa lidali ndi ubwino winanso: lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lililonse lipimidwe ndi bungwe la boma lisanaonetsedwe, ndipo mawu amene sali papepala ngovuta kuwapima. Tione pano kuti ku Mbalachanda anthu amayankhula Chitumbuka, ndipo ku Liwonde ambiri ndi Ayao. Motero ntchito ziwiri zodziwika kwambiri za zisudzo za chitukuko zidachitikira kunja kwa dera la Achewa, kumene Chichewa chidali chiyankhulo chokumanirapo anthu osiyana mitundu.

Chotsatira chake nchakuti pansanja ya ku yunivesite pamamveka mitundu itatu ya Chichewa. Woyamba ndi wa m'mabuku a sukulu. Wachiwiri ndi wa achinyamata a m'tauni, wa mawu onga mfana, dolo, ngini ndi bho, umene Francis Moto adaulongosola mu 2001 ndipo ena amautcha Chibrazi. Wachitatu ndi wa kumudzi. Funso lathu ndi lakuti: wachitatuwu amapatsidwa kwa yani?

Taonani ziganizo ziwiri izi:

(1) Agogo adamwalira chaka cha njala.
(2) Agogo anamwalira chaka cha njala.

Mphatikiram'kati -da- ndiye amene mabuku a sukulu akhala akulimbikitsa posonyeza nthawi yakale, ndipo amamveka kwambiri m'chigawo chapakati, pamene -na- wafala kum'mwera ndi m'matauni. Papepala, chiganizo (1) ndicho cholemekezeka. Koma aliyense amene adaonererapo masewero a ophunzira akudziwa kuti pansanja chiganizo (1) chimakonda kugwera m'kamwa mwa nkhalamba ya kumudzi, ya jekete lazigamba, yosadziwa za m'tauni, pamene mnyamata wophunzira amatenga (2) nathirako Chingerezi. Chimodzimodzinso maliwu amene kale ankalembedwa bv ndi pf, monga mu kubvina ndi kupfuula, kapena liwu la ŵ la m'dzina la Malaŵi, limene lembo lake lalowa ndi kutuluka m'kalembedwe kathu. Wosewera akafuna kuti anthu aseke amawakoka dala maliwu amenewa. Ngakhale kuitanirana mfunda, aPhiri, aBanda, aNaphiri, aNabanda, kumene kwa Kalolo kapena kwa Kabudula ndi ulemu wa tsiku ndi tsiku, pansanja kumasanduka chizindikiro chakuti walowayu ndi wotsalira. Ife tikuona kuti apa pali kusemphana kumene malamulo a kalembedwe sangakuthetse. Mwana wa ku Nsaru akafika pa koleji amapeza kuti kayankhulidwe kamene adakhoza nako mayeso a Chichewa ndiko kamene anzake amasekera, ndipo posachedwa amakasiya. Palibe bungwe lidalamulapo zimenezi, komabe zimasintha chiyankhulo msanga kuposa kalata ya ku unduna.

Nkhani ya nyimbo ili ndi vuto lakelake. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo pokweza ndi potsitsa liwu. Mawu oti mtengo, liwu likakwera pa phatikizo -te-, amanena za mtengo wa m'tchire. Likapanda kukwera amanena za mtengo wa pamsika. M'mneni ndinafotokoza, kukweza liwu kukayambira pa -na- nthawi yake ndi ina, kukayambira pa -fo- ndi inanso. Zimenezi Al Mtenje adazifufuza mozama m'ntchito yake ya ku London ya 1986. Makwaya a pa koleji adatengera mwambo wa nyimbo za m'mipingo, zimene zambiri maimbidwe ake adachokera ku Ulaya ndipo mawu a Chichewa adangovekedwa pamwamba. M'nyimbo zotero liwu limakwera pamene woyankhula akadatsitsa. Omvera adazolowera, ndipo tanthauzo amalitola m'mawu oyandikana nawo. Nyimbo ya pamtondo kapena ya chimtali sivuta chotere, popeza woipeka amayamba ndi mawu oyankhulidwa, maimbidwe nkumatsatira.

Pamene pali zambiri zoti tinene ndi pa gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamlengeza mu 2005 kukhala chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za anthu onse, mogawana pakati pa Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kumidzi ya kuzambwe kwa Lilongwe gule satuluka wamba. Amatuluka pamaliro, pampalo, pachinamwali ndi polonga mfumu. Zilombo zimachokera kudambwe kubwera kubwalo, ng'oma za mpanje ndi mbalule zikulira, amuna akutsogolera nyimbo, amayi akuvomera ndi kuwomba m'manja. Chilombo chilichonse, kaya Chadzunda, Maliya, Simoni kapena Kasiyamaliro, chili ndi nyimbo zake ndi phunzo lake. Ndipo nyimbo za pabwalo zimayankhula mophiphiritsa. Zimadzudzula mkamwini waulesi, mfumu yokondera kapena mayi wamiseche osatchula dzina, koma mudzi wonse umadziwa amene akunenedwa. Pamaliro ndi pachinamwali pamaloledwanso mawu olaula amene munthu sangawatchule pamaso pa apongozi tsiku lina lililonse. Kunena kwina, tanthauzo la nyimbo lili m'mawu, m'nthawi yake, ndi mwa anthu amene aima mozungulira bwalo.

Nyimbo yomweyo ikafika pansanja ya pa koleji, pa tsiku la chikhalidwe kapena polandira alendo, zinthu ziwiri mwa zitatuzi zimatsala kumudzi. Palibe wamwalira, palibe namwali, palibe wodzudzulidwa. Mawu olaula amachotsedwa kapena kufewetsedwa, ndime zimafupikitsidwa kuti zikwane mphindi zochepa, ndipo gulu lovomera limakhala la ophunzira amene ambiri a iwo mawuwo adangowaloweza. Kuchotsa gule pabwalo lake sikudayambe ndi ophunzira. M'nthawi ya Dr. Banda zilombo zinkavina pamisonkhano ya ndale ndi pazikondwerero za ufulu, nyimbo zake zitasinthidwa kukhala zotamanda. Sitikunenanso kuti kuvina pansanja nkulakwa. Yunivesite idachita ntchito yabwino polemba za magule, monga m'buku la Kubvina la mu 1992 la Kamlongera ndi anzake, limene dzina lake lomwe lidasunga bv uja. Chimene tikuchenjeza nchakuti wofufuza asatole nyimbo pansanja nailemba ngati chitsanzo cha Chichewa cha pabwalo. Ndi mitundu iwiri yosiyana, ndipo yonse iyenera kulembedwa ndi dzina la malo ndi mwambo umene idamvekera.

Palinso malire amene katswiri wa chiyankhulo ayenera kuwalemekeza. Gule ali ndi mawu ake achinsinsi, amene amaphunzitsidwa kwa olowa okhaokha. Ophunzira ochokera kwa Kabudula kapena ku Namitete amene adalowa amawadziwa, ndipo mphunzitsi wofuna zitsanzo akhoza kuwaika pamayesero aakulu, pakati pa malikisi ndi lumbiro la kudambwe. Mkangano wa pakati pa gule ndi sukulu ngwakale. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden adalemba mu 1972 za mmene Nyau idalimbanirana ndi mishoni za Chikatolika m'nthawi ya atsamunda, ndipo dera lathuli, la pakati pa mishoni za Likuni ndi Nambuma, ndi la mabanja amene ena ndi a kutchalitchi, ena a kudambwe. Maganizo athu ndi akuti mawu otere asalowe m'mtanthauziramawu popanda chilolezo cha mafumu eni mzinda.

Mawu a pabwalo osabisika ndi nkhani ina. Bungwe la Centre for Language Studies, limene lidalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndipo ntchito yotere imafuna kuwonjezeredwa nthawi ndi nthawi. Chosowa chachikulu ndicho kusonyeza pa liwu lililonse kumene limamveka ndi amene amalitchula: la pamaliro, la pachinamwali, la m'tauni, la pa koleji. Kufunika kwake kwakula chiyambire lamulo la maphunziro la 2013, limene lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, pakuti tsopano Chichewa chili ndi malo ochepa m'kalasi, ndipo achinyamata ambiri amachimvera pawailesi, m'nyimbo ndi m'zisudzo. Ophunzira a ku Bunda ndi a ku Natural Resources College amapita kale kumidzi kukaphunzira ntchito ya ulangizi pakati pa alimi a fodya, chimanga ndi mtedza. Gawo la ziyankhulo la ku Zomba likhoza kugwirizana nawo kuti, mwa chilolezo cha mfumu, azijambula milandu ya pabwalo, nyimbo za pamtondo ndi za chimtali, nalemba mudzi, tsiku ndi mwambo wake.