Sitima ya ku Chigwa: Kodi Idzaliranso?

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za bwenzi lakale la dziko lathu, limene ambiri a inu munalidziwa muli ana, koma tsopano lakhala chete, ndipo udzu wamera pa njira yache. Tinena sitima ya pa mtunda yonyamula anthu, imene inali kutsika kuchokera ku Limbe kunka ku Chigwa cha Shire, kupyola pa Luchenza, Khonjeni, Sandama, Thekerani ndi Sankhulani, kufikira ku Makhanga. Ndipo kale lomwe inali kuoloka Shire pa Chiromo, nipitirira ku Bangula ndi ku Nsanje. Ana a m'midzi imeneyo amene anabadwa chitapita chaka cha 2015 alowa kale sukulu, koma kulira kwache sanakumve ndi kale lonse.

Tiyambe ndi chiyambi chache, pakuti achinyamata ayesa kuti njanje inamera yokha monga msatsi. Pamene Abambo oyamba a Montfort anafika m'dziko muno m'chaka cha 1901 nakakhazika misyoni ya Nzama, njanje panalibe. Munthu wochokera ku nyanja yamchere anali kukwera Zambezi ndi Shire pa sitima ya pa madzi, ndipo pofika pamene madzi achepa anali kutsika nayenda pansi, kapena kunyamulidwa pa machila. Katundu yense, nsalu, mchere, zitsulo, khofi, anali kuyenda pa mitu ya amtengatenga, anthu zikwi zambiri amene anali kusiya minda yao nakwera phiri ndi akatundu olemera, ena nafera m'njira. Tsono madzi a m'Shire anayamba kuchepa chaka ndi chaka, kotero kuti sitima za pa madzi zinali kutitimira mu mchenga. Chifukwa chache Azungu anapangana kumanga njanje, nayamba nchito m'chaka cha 1903; ndipo m'chaka cha 1908 sitima yoyamba inalowa mu Blantyre kuchokera ku Port Herald, ndiko ku Nsanje kwa lero, mtunda wa mamailosi 113.

Inali nchito yoopsya ndithu. Ku Nsanje dziko liri pansi, pafupi kulingana ndi nyanja yamchere, koma ku Limbe liri pamwamba mapazi oposa 3,000. Ndipo kuti sitima ikwere pamenepo anaipititsa m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo, umene uli malire a ife ndi Mozambique, nizungulira mapiri a Thyolo mokhotakhota monga njoka. Amene anaswa miyala, nasenza dothi m'madengu, nayala zitsulo m'dzuwa la ku Chigwa, anali makolo athu, ndipo maina ao sanalembedwe pa chipupa chiri chonse. Tiwakumbukire pa Misa ya akufa.

Pambuyo pache njanje inatalika. Inatsikira ku Chindio pa gombe la Zambezi. M'chaka cha 1922 ina inachokera ku Dondo pafupi ndi Beira nifika kutsidya lija la mtsinje. Ndipo m'chaka cha 1935 anatsiriza ulalo waukulu wa Dona Ana, wotalika mamita oposa 3,600, kotero kuti munthu anakhoza kukwera pa Limbe natsikira ku Beira wosaponda m'bwato. Chaka chomwecho njanje ya kumpoto inafika ku Salima. Pa njira imeneyi anapita anyamata ambiri ofuna nchito ku Harare ndi ku migodi ya kumwera. Ena anabwera ndi njinga ndi mabokosi, ena sanabwere, nasanduka machona, ndipo akazi ao anakalamba alikuyang'ana ku siteshoni.

Koma ife chimene tikumbuka koposa si maulendo akutaliwo ai, koma moyo wa pa masiteshoni ang'ono. Tsiku la sitima linali tsiku la msika. Isanaoneke, utsi uli kuseri kwa phiri, amai anali atandanda kale ndi mikoko ya nthochi za ku Thekerani, nzimbe, chinangwa chophika ndi nsomba zouma za ku Chigwa. Malonda anali kuchitikira pa mazenera, ndipo kawirikawiri sitima inali kunyamuka wogula asanalandire chenje chache, mwana nathamanga m'mbali mwa ngolo ali ndi makobiri m'dzanja. M'katimo munali mothina, nkhuku pansi pa mipando, makanda kulira, ndipo sitima yosunga nthawi inali yosowa. Sitifuna kuinamizira ukoma umene inalibe. Koma inali yotsika mtengo, ndipo inali kufika kumene galimoto safika. Wodwala anali kugonekedwa pa mphasa m'ngolo nafika ku chipatala. Mwana wa sukulu anali kubwera kwao pa tchuthi. Wansembe ndi katekisti anali kukafika kwa Akhristu a m'mphepete mwa Ruo, kumene dzinja likadza miseu isanduka matope.

Nanga inafa bwanji? Sinafe tsiku limodzi. Inadulidwa pang'ono pang'ono, monga mtengo umene aukungula khungwa. M'chaka cha 1970 anatsegula njanje yatsopano yochokera pa Nkaya kunka ku Nacala, ndipo katundu wina anayamba kudzera kumeneko. Itabuka nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique, njira ya ku Beira inatsekeka m'zaka za m'ma 1980, ulalo wa Dona Ana unaonongedwa, ndipo m'malo mwa sitima kunabwera othawa nkhondo oyenda pansi, amene anadzaza boma la Nsanje. Pamenepo m'chaka cha 1997 madzi osefukira anagumula mtumbira wa njanje pafupi ndi Chiromo, pakati pa Makhanga ndi Bangula, nasiya dziwe limene anthu analitcha Mtayamoyo. Dzina lokhalo likuuzani za kuoloka kwache pa bwato. Kuyambira pamenepo sitima inali kulekeza pa Makhanga, ndipo m'zaka zotsiriza inali kutsika kamodzi kokha pa mlungu. M'chaka cha 1999 Boma linapereka njanje m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Ndipo m'mwezi wa January 2015 kunadza chigumula chachikulu chija: Ruo anasiya khwawa lache nadzitsegulira njira yina, nakokolola njanje, nasiya Makhanga ngati chisumbu. Anamondwe a 2022 ndi 2023, Ana ndi Freddy, anangoonjeza pa bala lakale.

Pano tiyenera kunena mau owawa pang'ono. Si madzi okha amene anaononga. Pamene mitengo ya m'mapiri yatha ndi nkhwangwa, ndipo anthu alima kufikira m'mphepete mweni mweni mwa mitsinje, mvula itsika ndi mchenga nikwirira makwawa, ndipo mtsinje wosowa poyenda udzifunira pena. Ndiponso pamene sitima inaleka, ena anayamba kuzula zitsulo ndi misomali ya njanje nakagulitsa, nanena m'mtima mwao kuti chinthu cha Boma chiribe mwini. Chiri naye mwini: ndiye mai uja wa pakati amene adzafuna kufika ku chipatala usiku. Lamulo lachisanu ndi chiwiri silinapatule njanje.

Koma chiyembekezo chiripo, ndipo chidzera kumwera. Ulalo wa Dona Ana unakonzedwa, ndipo sitima za malasha a ku Moatize zinayamba kuolokapo. A ku Mozambique anakonzanso chigawo chao chochokera pa Mutarara kufikira pa malire athu. Kwathu kuno m'chaka cha 2022 inayambika nchito yomanganso njanje ya makilomita 72 kuchokera pa Marka kufikira ku Bangula, ndipo m'chaka cha 2024 sitima yochokera ku Beira inafika pa Marka itasenza mafuta, patapita zaka ngati makumi anai chiilekere. Anthu anakondwa, ndipo nafenso tinakondwa nao.

Tingokumbutsa akulu a dziko zinthu ziwiri. Choyamba, Bangula si mathero. Chigawo chobvuta ndicho chotsalacho: kuoloka Shire ndi Mtayamoyo, ndi kukwera m'mbali mwa Ruo kufikira ku Limbe; ndipo pomanga ayenera kukweza mitumbira ndi kusiyira madzi mipata yaikulu, pakuti ulalo wa pa Chiromo unatengedwapo kale ndi madzi m'chaka cha 1948, ndipo mtsinje sunasinthe khalidwe. Chachiwiri, sitima ya mafuta ndi feteleza ndiyo ibweretsa ndalama, ndipo nkwapafupi kuiwala ngolo ya anthu osauka, imene phindu lache silioneka m'buku la kampani. Ife tipempha kuti pa mapangano onse a njanje imeneyi alembemo poyera kuti sitima ya anthu idzayenda, ndi kuti idzaima pa masiteshoni ang'ono onse monga kale, ngakhale ngolo zikhale ziwiri zokha.

Za injini zakale za nthunzi, ziwiri zoyamba zimene zinagwira nchito pomanga njanjeyi sizinatayike. Maina ao ndi Thistle ndi Shamrock, tiinjini tating'ono topangidwa ndi a Bagnall ku England. Thistle anaiimika pa siteshoni ya Limbe, ndipo Shamrock anaiika pa nyumba yosungiramo zakale ya pa Chichiri mu Blantyre. Makolo ndi aphunzitsi amene mudzera mu mzindamo, patukani ndi ana mukawaonetse. Ndipo inu agogo amene munakwerapo sitima ya ku Chigwa, kapena munagwira nchito ya pa njanje, fotokozerani mdzukulu wodziwa kulemba, ndipo kalatayo mupereke kwa Abambo a parishi yanu kuti atitumizire; zina tidzazisindikiza m'miyezi ikudzayi.