Nyumba yakale ya pa Nkhotakota: funsani kaye musanapereke ndalama

Ukamayenda pa boma la Nkhotakota kutsetserekera kunyanja, maso amagwa pa nyumba zakale za mdadada, zogundizana khoma, zakhonde kutsogolo. Zina zinali masitolo a amwenye, banja likugona kuseri, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti amwenye azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zakwera mtengo kwambiri. Aphunzitsi, anamwino ndi ageni ya nsomba ambiri ayamba kuona kuti kugula nyumba zoterezi n'kwapafupi kusiyana n'kumanga. Zipinda zake n'zazikulu, makoma ochindikala amaziziritsa m'nyengo yotentha, ndipo msika ndi chipatala zili pafupi. Komatu chinthu choyamba kuyang'ana ndi mapepala a nyumbayo ndi banja lomwe likugulitsa.

Msuweni wanga, mphunzitsi wa pulayimale, anaphunzira izi mowawa. Anapereka theka la ndalama kwa bambo wina yemwe ankati, "Aphunzitsi, musadandaule, wamkulu pano ndine." Patangotha miyezi iwiri kunatulukira alongo ake awiri ochokera ku Dwangwa, akunena kuti nyumbayo ndi ya malemu bambo awo ndipo palibe anawafunsa. Mpaka lero iye akadali pa lendi, ngongole akubweza.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana onse, aamuna ndi aakazi. Kukhala mwana woyamba sikupereka mphamvu yogulitsa. Wogulitsa akuonetseni chikalata chomuvomereza kuyendetsa chuma cha malemu, ndipo abale ena asayine pamaso pa mboni.

Kenako fufuzani za malo. Ngati ali pa lizi, pitani ku ofesi ya za malo mukaone dzina lolembedwa, zaka zomwe zatsala, ndiponso ngati malowo anaikidwa chikole ku banki. Lizi ya zaka 99 yomwe inayamba mu 1960 yadya kale zaka zoposa 60. Funsaninso ngati pali ngongole ya msonkho wa malo, ya madzi ndi ya magetsi.

Mapepala akakhala bwino, ndiye muyang'ane nyumba. Musaione mu Okutobala mokha, pamene kuli gwaa. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba zambiri za m'mbali mwake, choncho pitaninso mu Febuluwale mukaone kumene madzi amayenda ndi pamene chinyontho chimafika pakhoma. Tengani mmisiri akwere kudenga, abaye mitengo ndi msomali, chifukwa chiswe chimadya m'kati kunja kukuoneka bwino. Ngati denga ndi la asibesitosi, musaliphwanye mwachisawawa, fumbi lake limawononga mapapo.

Pomaliza, gogodani kwa aneba. M'nyumba ya mdadada khoma ndi limodzi, denga ndi limodzi, nthawi zina ngalande ndi chimbudzi zomwe. Kwawo kukadontha, kwanu kunyowa. Ndiwonso amadziwa amene anabadwira m'nyumbamo ndi amene angadzabwere kudzadandaula mawa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndalama ya basi yopita ku Lilongwe kukafufuza lizi ndi yochepa poyerekeza ndi penshoni yonse imene mungataye tsiku limodzi.