Nkhani ya Elizabeth ndi Darcy Ikamalembedwanso

Ena mwa inu mudawerengapo buku la Pride and Prejudice limene Jane Austen wa ku England adatulutsa m'chaka cha 1813. Olemba ambiri akhala akuiumbanso nkhaniyi. Helen Fielding adaisamutsira ku London mu Bridget Jones's Diary mu 1996, ndipo Soniah Kamal adaipititsa ku Pakistan mu Unmarriageable mu 2019.

Owerenga mabuku oterewa sagwirizana. Ena amangofuna Darcy, mwamuna wachuma ndi wodzikuza amene chikondi chimamgwetsa pansi. Buku likawapatsa makalata ndi misozi, basi lawakomera.

Ena amadandaula kuti olemba amaiwala chimene chinkasowetsa tulo banja la a Bennet. Banjali lili ndi ana aakazi asanu, wamwamuna palibe, choncho bambo akadzamwalira nyumba ndi minda zidzapita kwa wachibale wao, a Collins, m'busa wa Anglican wotopetsa kumumvera. Charlotte Lucas, wa zaka 27, akulola kukwatiwa ndi a Collins osawakonda, chifukwa akufuna pokhala. Tsono Elizabeth pokana a Collins, kenaka Darcy, akudziwa kuti mawa lake atha kusowa pogona.

Ine ndili mbali ya odandaulawo: mukachotsa mantha a umphawi, kukana kwa Elizabeth kumapepuka. N'chifukwa chake ndimakonda Longbourn, buku la Jo Baker la 2013, limene limasimba nkhaniyi kudzera mwa antchito a m'nyumbamo, amene amachapa zovala zamatope Elizabeth akabwerako koyenda.