Masabata 12 pa Khodi: Mmene Google Summer of Code Imalerera Olemba Mapulogalamu

Pulogalamu iliyonse ya pakompyuta kapena ya pafoni imayamba ngati malemba, mizere ya malangizo imene munthu amalemba m'chinenero chimene makina angathe kutsatira, ndipo malemba amenewa ndi amene akatswiri amawatcha khodi. Makampani ambiri amabisa khodi yawo chifukwa ndi imene imawabweretsera ndalama, koma pali mapulogalamu ena, otchedwa open source, amene khodi yake imaikidwa poyera pa intaneti ndi laisensi yolola munthu aliyense kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawira ena. Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991 ndipo lero ndi maziko a mafoni a Android, ili m'gulu limeneli, pamodzi ndi VLC yoonera mafilimu, LibreOffice yolembera makalata ndi MediaWiki imene imayendetsa Wikipedia. Ufulu wowerenga khodi sutanthauza kuti aliyense angalowetsemo zimene wafuna, pakuti pulogalamu iliyonse ili ndi kagulu ka anthu oisamalira amene amaunika chilichonse chimene ena atumiza, n'kusankha cholandira ndi chokana. Osamalira amenewa ndi ochepa, ambiri mwa iwo salipidwa, ndipo kuchepa kwawoko ndiko kumene kumapatsa tanthauzo ndondomeko zolipira achinyamata kuti aphunzire ntchitoyi pa nthawi ya tchuthi.

Yotchuka kwambiri mwa ndondomeko zoterezi ndi Google Summer of Code, imene kampani ya Google inayambitsa mu 2005 pofuna kuti ophunzira a sayansi ya makompyuta azithera tchuthi chachitali akulemba khodi m'malo mogwira maganyu osagwirizana ndi maphunziro awo. M'chaka choyambacho ophunzira oposa 400 analandiridwa, aliyense amene anamaliza ntchito anapatsidwa madola 4,500 a ku America, ndipo bungwe limene linamulangiza linapatsidwa madola 500. Kuyambira pamenepo ndondomekoyi yakhala ikuchitika chaka chilichonse, ndipo anthu oposa 20,000 ochokera m'mayiko oposa 100 adutsamo. Chimene chimasokoneza ambiri ndi dzina la Google lenilenilo. Kampaniyi imasankha mabungwe otenga nawo mbali, imagawira bungwe lililonse chiwerengero cha malo ndipo imapereka ndalama, koma ntchito yowerenga mapempho, yolangiza wolandiridwa ndi yogamula ngati wakhoza ili m'manja mwa mabungwe a open source eniake, monga Apache Software Foundation, Python Software Foundation, KDE, Debian ndi Wikimedia Foundation. Wolandiridwa sakhala wantchito wa Google ngakhale tsiku limodzi, ndipo amene amalemba pa CV kuti anagwirapo ntchito ku Google chifukwa cha ndondomekoyi akunamiza womulemba ntchito.

Kalendala yake imasintha pang'ono chabe chaka ndi chaka. Mabungwe amapempha malo kumayambiriro a chaka ndipo amalengezedwa chakumapeto kwa Febuluwale, lililonse lili ndi mndandanda wa ntchito zimene likufuna kuti zigwiridwe. Ofuna kulowa amatumiza mapempho awo kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro a Epulo. Olandiridwa amadziwika mu Meyi, kenako pamakhala masabata pafupifupi atatu oti azolowerane ndi alangizi awo, awerenge khodi imene ilipo kale ndi kukonza zida pa kompyuta yawo. Kulemba khodi kumayamba chakumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro a Juni ndipo nthawi yokhazikika ndi masabata 12. Nyengo yotentha imene ikutchulidwa m'dzinalo ndi ya ku Ulaya, North America ndi madera ena a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene mayunivesite amatseka miyezi imeneyi, pamene ku Malawi ndi ku Zambia imakhala nthawi ya chisanu ndipo ophunzira ambiri amakhala ali mkati mwa semesita.

Pempho ndi chikalata chimene munthu amafotokozamo vuto limene akufuna kuthetsa, njira imene adzatsate ndi zimene zidzakhale zatha sabata iliyonse, ndipo anthu ambiri atsopano amaganiza kuti kusankhidwa kumadalira kukoma kwa chikalatachi. Kunena zoona, m'mabungwe ambiri chigamulo chimakhala chitapendekera kale mbali imodzi tsiku lotumiza mapempho lisanafike. Chifukwa chake chagona pa mmene ntchito ya open source imayendera. Khodi imasungidwa ndi chida chotchedwa Git, chimenenso Torvalds analemba mu 2005, chomwe chimasunga mbiri ya kusintha kulikonse pamodzi ndi dzina la amene anasintha ndi tsiku lake. Munthu akakonza vuto amatumiza zimene wasinthazo kwa osamalira, kawirikawiri kudzera pa GitHub kapena GitLab, ndipo iwo amaziwerenga mzere ndi mzere, n'kulemba poyera zimene zalakwika: dzina losamveka apa, njira yochedwetsa makina apo, ndi mayeso amene akusowa, kutanthauza tizigawo ta khodi totsimikizira kuti chatsopanocho sichinaononge zimene zinkayenda bwino kale. Kakhodi ka mizere khumi kangabwezedwe katatu kapena kanayi kasanalandiridwe. Mlangizi amene akusankha pakati pa mapempho makumi angapo amakhulupirira kwambiri munthu amene wamuona kwa miyezi ingapo akulandira chidzudzulo chotere, kukonza ndi kutumizanso osapsa mtima, kuposa mlendo amene wabwera ndi chikalata chosalala. Ndi chifukwa chake mabungwe ambiri amaika chizindikiro pa timavuto topepuka kuti atsopano ayambirepo, ndipo ena sawerenga n'komwe pempho la munthu amene sanatumizepo khodi. Kubwera kwa zida monga ChatGPT, zimene zimalemba chikalata chooneka bwino m'mphindi zochepa, kwangowonjezera kulemera kwa mbiri ya pa Git, popeza mbiri imeneyo singapekedwe usiku umodzi.

Ndalama za Google Summer of Code zasintha maonekedwe kangapo. Kuyambira mu 2017 Google inasiya kulipira aliyense mofanana, n'kuyamba kuwerengera malipiro potengera kukwera kapena kutsika mtengo kwa zinthu m'dziko limene munthuyo akukhala, moti pa ntchito yaikulu ya maola pafupifupi 350 malipiro amayambira pa madola 3,000 n'kulekeza pa 6,600, pa yapakati ya maola 175 ndi theka la zimenezi, ndipo kuyambira mu 2024 palinso ntchito zazing'ono za maola pafupifupi 90. Pali mkangano womveka ngati ndi chilungamo kuti anthu awiri olemba khodi yofanana alandire ndalama zosiyana kowirikiza, makamaka poti laputopu ndi intaneti sizitsika mtengo chifukwa chakuti dziko ndi losauka. Malipiro amabwera m'magawo awiri, loyamba alangizi akaunika ntchito pakati pa nyengoyo ndipo lachiwiri pamapeto, ndipo amene walephera kuunika koyamba amachotsedwa pomwepo. Mu 2022 khomo linatsegulidwa kwa munthu aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo amene ndi watsopano pa open source, ngakhale asali pa yunivesite, ndipo nthawi yogwira ntchito inaloledwa kutalikitsidwa mpaka masabata 22, zimene zimapepuza katundu wa amene ali ndi makalasi kapena ntchito ina.

Komabe chimene chili chosowa kwambiri m'ndondomeko imeneyi si madola, ndi nthawi ya mlangizi. Mlangizi salandira malipiro kuchokera ku Google, amagwira ntchitoyi madzulo ataweruka kumene amalembedwa, ndipo nthawi zambiri akanatha kulemba yekha m'masiku ochepa zimene wophunzira adzalembe miyezi itatu. Poyang'ana khodi yokha, bungwe limaluza. Phindu limabwera pokhapokha wophunzirayo akakhalabe m'bungwemo ndalama zitasiya kubwera, n'kuyamba kuyankha mafunso a atsopano, kuunika khodi ya ena ndipo patapita zaka kupatsidwa mphamvu ya osamalira. Ambiri sakhala, ndipo si zachilendo kuti ntchito imene inakhoza pa kuunika komaliza isalowe konse m'pulogalamu yeniyeni chifukwa mwini wake anazimiririka isanakonzedwe mokwanira. Mabungwe amapitirizabe chifukwa akudziwa mtengo wa kusowa olowa m'malo. Mu Malichi 2024 katswiri wina wa ku Microsoft, Andres Freund, anapeza khomo lachinsinsi lobisidwa mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kamene kali pa makompyuta ambiri a Linux, ndipo zinadziwika kuti analiika ndi munthu wogwiritsa ntchito dzina lakuti Jia Tan, amene kwa zaka pafupifupi ziwiri ankathandiza mwakhama wosamalira mmodzi wotopa mpaka anamupatsa makiyi. Pulogalamu imene ili ndi osamalira angapo amene anawalera yokha ndi kuwadziwa bwino sifulumira kupereka mphamvu kwa aliyense amene wangofika ndi manja othandiza.

Pafupi ndi ndondomeko ya Google pali Outreachy, imene inachokera ku ntchito ya bungwe la GNOME yokopa amayi ndi atsikana, n'kutenga dzina lake la lero mu 2015 pansi pa Software Freedom Conservancy. Outreachy imalandira anthu amene amasalidwa kapena ndi ochepa pa ntchito za makompyuta, imalipira madola 7,000 pa miyezi itatu posatengera dziko, imavomerezanso ntchito zosakhala za khodi monga kulemba malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamu, ndipo imachitika kawiri pachaka, kuyambira mu Meyi ndiponso kuyambira mu Disembala.

Nkhani imeneyi siili kutali ndi zipatala za kuno. OpenMRS, pulogalamu ya open source yosungira mbiri ya odwala, inayamba mu 2004 mwa mgwirizano wa Regenstrief Institute ndi Partners In Health, poyamba pothandiza ntchito yosamalira anthu amene ali ndi HIV ku Eldoret m'dziko la Kenya, ndipo yakhala ikulandira ophunzira a Google Summer of Code kuyambira mu 2007. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, nthambi ya Partners In Health m'boma la Neno, laigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, zimene zikutanthauza kuti wophunzira wa ku Zomba, Blantyre kapena Mzuzu amene waonapo mmene kaundula wa odwala amayendera pachipatala cha kumudzi ali ndi chidziwitso chimene mnzake wa ku Berlin alibe. Zopinga zake ndi zodziwika: kuthimathima kwa magetsi, kudula kwa bandulo ya intaneti, ndi misonkhano imene imaikidwa pa maola a mayiko ena. Alangizi amapirira zonsezi akauzidwa msanga, koma chimene sapirira ndi munthu kukhala chete masiku angapo popanda kunena chimene chachitika. Wophunzira amene akufuna kudzapempha malo mu Malichi asankhe bungwe limodzi mu Okutobala kapena Novembala, aike pulogalamu ya bungwelo pa kompyuta, awerenge malangizo a olowa kumene, ndipo atumize khodi yake yoyamba chaka chisanathe.