MASO A ANA A MBIRA

Mau kwa alimi ndi mafumu a ku Kanjedza ndi midzi yoyandikana nayo

Poyenda ine m'makomo a ku Kanjedza, ndi ku Bangwe, ndi ku Ndirande, ndapeza kuti nyumba zambiri zoweta mbira ziri ndi dandaulo limodzi. Mbira yaswa bwino ana atatu, anawo ayamba kudya msipu, koma usanathe mwezi waciwiri mwini apeza mmodzi atatsinzina, manthongo atamata zikope, ndipo pakutha sabata onse atero. Eni ena angoti, "Ndi kanyama ka ana aka," nakataya kudzala. Ena athira m'disomo shuga, kapena fodya wopera, kapena madzi a tsabola, ndipo kanyama kamene kakadacira kokha kacita khungu. Ndalemba mau awa kuti mudziwe kusiyanitsa nthenda za maso a mbira, pakuti si imodzi ai, ndipo cimene ciciza ina ndico ciononga pa inzace.

Musapeputse ciweto ici. Mbira yoweta si ija ya m'matanthwe a kumapiri; zingolingana dzina. Kwao kweni kweni ndi ku mapiri a Andes, ku Peru ndi ku Bolivia, kumene anthu akhala akuiweta zaka zikwi zambiri cifukwa ca nyama yace. Kuno kwathu, munthu wa m'tauni wosowa malo a mbuzi akhoza kusunga mbira khumi pambali pa khichini, napeza ndiwo, napezanso manyowa a kudimba.

Diso lamoyo

Yambani mwadziwa diso lamoyo. Mbira ikhala ndi bere masiku 63 kufikira 70, ndiyo nthawi yaitali kwa kanyama kakang'ono kotere, ndipo cifukwa cace ana ace abadwa okhwima: ubweya ali nao, mano ali nao, maso ali openya tsiku lomwelo. Sali monga ana a galu kapena a kalulu, amene akhala masiku ali citsinzinire. Cotero mukaona mwana wa mbira wotsinzina musanene kuti sanayambe kupenya. Dziwani kuti pali kanthu.

Koma ciripo cinthu cimodzi cimene cinyenga ambiri. Nthawi zina mudzaona kadontho koyera ngati mkaka pangodya pa diso, mbira nkukapukuta ndi timapazi ta kutsogolo, nkudzola kumaso. Imeneyo si nthenda ai. Ndi madzi amene mbira isamba nao. Manthongo a nthenda ali acikasu kapena obiriwira, auma namata ubweya, ndipo m'kati mwa cikope mufiira.

Likadwala diso limodzi

Funso loyamba kudzifunsa ndi ili: kodi ladwala diso limodzi, kapena onse awiri? Likakhala limodzi, ndipo dzulo linali bwino, kawiri kawiri ndiko kubvulala. Maso a mbira ali otundumuka pang'ono, ndipo iyo pakudya imalowetsa mutu wonse m'mulu wa udzu. Tsono mbeu ya udzu, kapena mankhusu, kapena kanjere ka cisoso kalowa pansi pa cikope nikakanda galasi la diso. Bvuto ili licuruka kuyambira August kufikira October, pamene udzu wauma ndi kuthwa. Usiku umodzi wokha diso licita mtambo, liyera ngati la ng'ala, misozi iri cucucu, ndipo mwini ayesa kuti laphulika. Silinaphulike. Maso ambiri otere acira bwino akathandizidwa msanga.

Citani cotere. Wiritsani theka la lita la madzi, muikemo supuni imodzi yaing'ono ya mcere, ya tiyi ija, yosasefukira, ndipo mudikire azizire kufikira angofunda monga thupi la munthu. Musaonjeze mcere poganiza kuti wambiri ndiye aciza msanga. Muyeso umenewu ulingana ndi misozi, ndipo woposa apo aocha. Sambani m'manja ndi sopo. Mmodzi akulunge kamwanako m'kansaru, mutu wokha uli kunja, nakagwire pamiyendo pace atakhala pansi, pakuti mbira ikagwa kucokera m'manja mwa munthu woima ithyoka msanga. Winayo atsegule cikope pang'ono pang'ono ndi cala, nadonthezere madziwo ndi sirinji yopanda singano, kapena pofinya thonje loyera. Kacitsotso kakayandama, kapena nsonga yace ikaonekera, mukacotse ndi thonje lonyowa. Singano, munga, mtengo wa macesi, izi zisayandikire diso ai. Kakakhala kolowa ndithu, kalekeni, mupite nako kwa mlangizi wa ziweto kapena dotolo wa ziweto tsiku lomwelo.

Tsukani katatu pa tsiku, ndipo madzi a mcere muwiritse atsopano m'mawa uli wonse. Akapita masiku awiri mtambo uja osacepa, kapena diso likatupa, musazengereze. Koposa zonse penyani ngati kali kudya. Mbira yoleka kudya tsiku lathunthu iri pafupi ndi imfa, cifukwa matumbo ace sazolowera kukhala opanda kanthu. Diso likhoza kudikira, mimba siidikira.

Akadwala onse awiri

Maso onse awiri akafiira, ndipo ana ambiri m'khola limodzi agwidwa motsatana, pamenepo tiganizira nthenda yopatsana. Ilipo imene ikonda ana a masabata 4 kufikira 8. Kacirombo kace, kosaoneka ndi maso, adakafotokoza koyamba m'caka ca 1964, ndipo lero akacha Chlamydia caviae. Ndi mbale wa kacirombo ka trachoma, nthenda ija inacititsa khungu anthu ambiri kuno, imene bungwe la WHO linabvomereza m'caka ca 2022 kuti Malawi waigonjetsa. Ana a mbira aitenga kwa amao pobadwa, kapena pokhudzana ndi anzao. Kawiri kawiri itha yokha m'masabata atatu kapena anai, ngati khola liri louma ndi cakudya ciri cokwanira. Nchito yanu ndiyo kupatula odwala, kufewetsa manthongo ndi madzi a mcere aja kuti zikope zisamatane, ndi kutenga thonje lina pa diso liri lonse. Mlangizi akaona kuti nkofunika adzakuuzani za mafuta a m'maso a tetracycline, ndi masiku ace opaka.

Uzani ana anu asambe m'manja akatha kugwira mbira yodwala, ndipo asaipsompsone. Sikacita kawiri kawiri, koma kacirombo aka kakhoza kulowa mwa munthu: m'caka ca 2017 madotolo a ku Netherlands analemba za anthu atatu amene anadwala cibayo coopsa atakatenga ku mbira.

Manthongo akadza pamodzi ndi mamina, kuyetsemula ndi kupuma mobanika, nthenda iri m'cifuwa, ndipo maso angotsatira. Ticiona ici m'miyezi ya June ndi July, ciperoni cikakuta Limbe masiku atatu osaleka, khola liri lonyowa. Imeneyi njakupha, ndipo madzi a mcere sathandiza, funani dotolo. Musasunge mbira khola limodzi ndi akalulu, pakuti kalulu amasenza kacirombo ka cifuwa kochedwa Bordetella iye ali wolimba, koma mbira ifa nako.

Mankhwala akupha

Apa mvetsetsani, pakuti ndi pamene ndaona mbira zambiri zitayika m'manja mwa eni ozikonda. Tazolowera kuti nkhuku ikazyolika titsegula kapisozi wogula pagolosale nkuthira m'madzi akumwa. Kwa mbira musatero konse. Penicillin, amoxicillin ndi ampicillin zipha tizirombo tabwino ta m'matumbo mwace, timene tiithandiza kugaya udzu; totsala toipa ticuruka, mbira itsegula m'mimba, ndipo pakapita masiku owerengeka yafa. Ndinafika pa khomo lina pamene mai anathira kapisozi mmodzi yekha cifukwa ca diso la kamwana kamodzi, ndipo sabata isanathe khola lonse linali zii. Mai uja ankati wina wawalodza.

Momwemonso mankhwala a m'maso otsala kwa munthu musadonthezere mbira musanafunse. Ena ali ndi dexamethasone kapena anzace otere, amene acotsa kufiira msanga, mwini nakondwa, koma pa diso lokandika akulitsa cironda kufikira libooka.

Utsi, utuci ndi mkodzo

Maso ambiri ofiira alibe kacirombo konse. Khola ndilo lidwalitsa. Tisunga mbira m'khichini kuti zifunde ndi kuti agalu ndi amphaka asazigwire, ndipo nzeru imeneyo njabwino, koma utsi wa nkhuni zaziwisi uziwawa monga utiwawa ife. Ena ayala utuci wosalala wocokera kwa akalipentala, umene pfumbi lace lilowa m'maso ndi m'mphuno. Ena aleka zoyala mwezi wathunthu, mkodzo nkuwira pansi. Yesani cotere: gwadani, muike nkhope yanu pamene pafika mutu wa mbira, mupume katatu. Maso anu akayamba kuwawa, dziwani kuti kamwanako kakhala m'pfungo limenelo usana ndi usiku. Yalani udzu wofewa wouma bwino, muusanse panja usanalowe, muucotse kawiri pa sabata ndi kuuika pa mulu wa manyowa. Khola likhale ndi polowa mpweya, koma mphepo isaombe molunjika pogona.

Njala yobisika

Tsono ndifike pa muzu wa nthenda zambiri. Mbuzi, ng'ombe, galu ndi kalulu zipanga zokha vitamini C m'matupi mwao. Mbira siitha, iri monga munthu, iyenera kumpeza m'cakudya tsiku ndi tsiku. M'caka ca 1907 madotolo awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, pofufuza nthenda yina ya amalinyero, anadyetsa mbira dzinthu zouma zokha zokha. Mbirazo zinadwala nthenda ya scurvy, yotupa mfundo ndi kukha mwazi m'nkhama, ndipo poziwonjezera masamba aawisi ndi zipatso nthendayo inalewedwa. Taonani, cimene iwo anacita dala kuti aphunzire, ife ticita caka ndi caka osadziwa: msipu ukauma m'October tingothira madeya m'mbale, nkumati zakhuta.

Zakhutadi, koma ziri ndi njala. Pakapita masabata awiri kapena atatu mwana wa mbira ayamba manthongo ouma m'maso, ubweya uimirira, ayenda motsimphina, alira mukamnyamula, ndipo nthenda iri yonse yodutsa imgwira. Mbira yaikuru ifuna mamiligalamu 10 a vitamini C pa tsiku, ndipo ya bere kapena yoyamwitsa ifuna ngati 30. Musaope manambala awa. Kacidutswa ka gwafa kakwanira, pakuti gwafa aposa lalanje pa vitamini ameneyu. Pamene palibe magwafa, dzanja limodzi la masamba aawisi pa mbira iri yonse: mpiru, repu, bonongwe, kholowa, kapena makoko a kunja a kabichi amene ogulitsa ataya pa msika wa Limbe, mutawatsuka bwino cifukwa ca mankhwala ophera mbozi. Akhale aawisi ndi a tsiku lomwelo. Vitamini ameneyu atha ndi dzuwa ndi moto, cotero mfutso ndi ndiwo zotsala mumphika sizithandiza pa ici. Masamba a mbatatesi, a tomato, cigwada cosaphika ndi mapeyala musazipatse. Ndipo ngakhale mupatsa masamba, udzu usasowe m'khola, pakuti ndiwo upera mano amene akula moyo wonse.

Mukaona ubweya ukuthothoka mozungulira diso kapena pamphuno, khungu liri ndi nkhanambo zoyera, koma diso lokha liri loyera bwino, cimeneco ndi cipere. Cikonda ana a mbira, ndipo cilumphira msanga ku masaya ndi mitu ya ana a anthu. Patulani, ocani zoyala zonse, mufunse mankhwala.

Obadwa nazo, ndi mau kwa mafumu

Alipo ana ena obadwa ndi maso aang'ono ngati njere ya mapira, kapena opanda maso konse, oyera thupi lonse, mano ali okhota. Awa alibe mankhwala. Abadwa makamaka pamene mwakweretsa mbira ziwiri zonse za ubweya wa imvi, woyera wosanganikirana ndi wakuda kapena wofiira. Pa ana anai a makolo otere, mmodzi ayembekezeka kutero. Mtundu umenewu muukweretse ndi mbira ya maanga ena. Mbira yakhungu cabe, yopanda cirema cina, ikhala bwino ndithu, pakuti iyenda ndi mphuno ndi ndebvu zace. Musasunthe mbale yace ndi pobisala pace. Koma yobadwa ndi cirema ca maso musaiyese mbeu.

Makola ambiri a kuno anayamba ndi mbira ziwiri zopatsidwa ndi mnansi, ndipo kuyambira pamenepo atate akwera ana ao, alongo akwerana, zaka zisanu osalowa mwazi wacilendo. Kamwana kakakazi kakhoza kutenga bere kali ndi masabata 5 okha, cotero patulani aamuna pa masabata 3, poleka kuyamwa. Inu mafumu ndi nyakwawa, pamene muitana anthu pa nkhani za fetereza kapena za katemera wa nkhuku, onjezani mau awa: eni mbira asinthane zazimuna kamodzi pa caka, wa ku Kanjedza ndi wa ku Machinjiri, wa ku Zingwangwa ndi wa ku Chilomoni, osati ndi khomo loyandikana limene mbeu yace iri yomweyo. Mbira yobwera ikhale payokha masabata atatu, mwini akuipenya m'maso ndi m'mphuno m'mawa uli wonse, isanalowe kwa zinzace.